Chitini cha Mlamu Wanga

Chaka chimene wayilesi inayamba kutiuza kuti tisamagwire katundu wopanda mwini, ntchito yanga inali yomweyo, kugwira katundu wopanda mwini. Ndinali ndi kantemba m'mbali mwa msewu waukulu wa kummawa, ukangochoka pa boma la Chongwe kulowera ku Lusaka. Ndinkagulitsa tomato, vitumbuwa, sopo wodula ndi shuga wa m'timapepala, koma anthu ankandidziwira makatoni. Munthu wa m'tauni akafuna kutumiza kanthu kumudzi ankangopatsa kondakitala wa minibasi, kondakitalayo n'kuponya pakhomo panga galimoto isanaime n'komwe, akukuwa kuti, "Bamayo, bazabwela kutenga!" Abwera ndani? Kaya. Ndinkangokankhira katoniyo pansi pa tebulo, ndipo dzuwa likamapendeka mwini wake ankatulukira, kapena mwana wake, kapena mpongozi wake. Palibe chimene chinasowapo.

Ndiye kunamveka kuti ku Lusaka kwayamba mabomba. Chinali chaka cha masankho, ndale zitafika potentha. Lero timve kuti apeza bomba pakhomo la ofesi ina, mawa kuti anthu athawa m'sitolo chifukwa cha chikwama chimene wina anaiwala. Lina linaphulika ku bwalo la ndege n'kupha wapolisi amene ankayesa kulichotsa, ndipo bwalo la ndegelo si kutali ndi kwathu, ndege zikamatera timaziona mimba. Wayilesi inati ndi ntchito ya zigawenga. A boma ankaloza otsutsa, otsutsa ankaloza a boma, ine ndili pakati ndi makatoni anga.

Mawu akuti chigawenga sanali achilendo kwa ine, koma sindinawamvetsepo. Ndili mtsikana, nthawi ya nkhondo ya kummwera, m'tchire la kuno munali misasa ya anyamata ochokera kutsidya kwa Zambezi. Ankabwera m'midzi kudzafuna nkhuku. Ena ankagula bwinobwino n'kuthokoza, ena ankangoloza nkhukuyo ndi mfuti. Wayilesi yathu inkawatchula omenyera ufulu. Wayilesi ya azungu a kummwera, imene atate ankaitsegula motsitsa mawu, inkawatchula zigawenga. Kenaka azunguwo anatumiza ndege ndi asilikali awo, milatho inagwa, anthu osadziwa kanthu anafa, ndipo wayilesi yathu inati zigawenga ndi iwowo. Ndinafunsa atate kuti nanga chigawenga chenicheni ndi chiti, iwo anati, "Kafunse nkhuku zanga, ndizo zinawaona pafupi." Nkhondo itatha anyamata aja anabwerera kwawo, ena tinamva kuti akuyenda m'magalimoto a mbendera. Basi, ine ndinakula ndi mutu wozungulira pa nkhani imeneyi, ndipo wozungulirabe mpaka lero.

Munthu amene nkhaniyi inamugwera si ine ayi, ndi mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga. Iye anali wa ku Mozambiki. Anathawa nkhondo kwawo ali mnyamata, anakhala mu msasa wa othawa kummawa, kenaka anatsika n'kumagwira maganyu m'mafamu a cha ku Kasisi, ndiko anaonana ndi mng'ono wangayo. A kwathu anamukonda chifukwa anali wa khasu, wosamwa, wosayankha akulu. Anamupatsa munda pa malo a banja lathu. Nkhondo itatha kwawo, anzake anakwezedwa m'malole kubwerera, iye anatsala chifukwa cha mkazi. Kapepala kake ka othawa nkhondo kanatha ntchito pomwepo, ndipo reji, chitupa chija cha nzika, analibe. Tonse m'banja tinkadziwa kuti tsiku limene wapolisi adzamufunse reji ndilo tsiku lomaliza kumuona. Iye ankadziwa kuposa ife: akaona chipewa cha wapolisi pa msika ankatembenuka ngati waiwala kanthu kunyumba. Chaka chimenecho mng'ono wanga anali ndi pakati poyamba, patatha zaka akudikira ndi kulira.

Mlamu wangayo anali ndi khalidwe limodzi limene linkatiseketsa. Ankakwirira zinthu. Ife chimanga timaika m'nkhokwe, mchere pa shelefu, mbewu padenga pa utsi. Iye akakolola ankatapa pang'ono, kuika m'chitini cha mafuta ophikira, kuwonjezera mchere ndi machesi, kumata pakamwa ndi phula, kukulunga m'thumba la feteleza, n'kukakwirira m'munda. Chaka chilichonse chimodzimodzi. Ine ndi iye tinkaserewulana monga amachitira alamu, ndipo ndinkamutchula mbewa. "Bamulamu ba mbewa, lelo mwafukula kuti?" Ankangoseka, dzanja pakamwa, n'kunena kuti, "Amulamu, tsiku lina mudzadya za mbewa." Mudzi wonse wa eni malo unkadziwa zimenezi, ndipo ana akakumana ndi dothi lofewa m'munda mwake ankalilambalala. Amene sankadziwa ndi anthu atsopano a pa mapuloti, ogwira ntchito ku Lusaka, amene anali atayamba kumanga nyumba za malata kumtunda kwathu.

Mmodzi wa iwo tinkangomutchula baneba. Anali kalaliki mu ofesi ina ya boma, wovala tayi ngakhale pa Loweruka, ndipo mmawa uliwonse ankadutsa njira ya m'munda wa mlamu kudzakwera minibasi pa kantemba kanga. Sindinganame, sanali munthu woipa. Ankapereka moni, ankabwera pa maliro n'kugwira fosholo ngati wina aliyense. Koma mabomba aja anamulowa m'mafupa. Tsiku lina ofesi yawo inauzidwa kuti muli bomba, anthu anatsika masitepe akupondana, mayi wina anathyoka mwendo, iye anafika pa kantemba kanga madzulo ali ndi nsapato imodzi. Bomba silinapezeke. Kuyambira pamenepo akakhala pa benchi yanga kudikira galimoto, maso ake ankangokhala pansi pa tebulo, pa makatoni.

Ndi iyeyo anakonza kuti wapolisi abwere kudzatiphunzitsa za kupewa, Lamulungu lina Misa itatha, pansi pa mtengo wa panja pa tchalitchi chathu chaching'ono. Mlamu wanga atangomva kuti kukubwera wapolisi, mutu unamuwawa, sanabwere n'ku Misa komwe. Wapolisiyo anali wachinyamata, waulemu, thukuta lili kamukamu. Anati tikaona katundu wopanda mwini tisagwire, tithawe, tikanene. Anati tiziyang'anitsitsa alendo. Anati zigawenga zimakonda milatho, mapaipi a madzi ndi mizati ya magetsi, ndiye tikaona munthu akukumba kapena kuzungulirazungulira pamalo otere tisachedwe. Ananenanso kuti tipange komiti yolondera mudzi, ndipo asanamalize baneba anali atasankhidwa kale kukhala wapampando.

Ine pakamwa panga sipakhala chete, amuna anga analephera kalekale. Ndinakweza dzanja.

"Abwana, ine makatoni yonse yamene nisunga yalibe mwine. Manje nizithawa kantemba kanga tsiku lililonse?"

Anthu anaseka. Wapolisi anati ndiziona katoni yokayikitsa.

"Yokayikitsa ioneka bwanji?"

Anati yomangidwa kwambiri, yolemera, yosalembedwa dzina. Mayo ine! Ndiye makatoni onse a m'dziko muno. Ndani kwathu amatumiza katundu osamanga ndi lekeni, mphira ija ya matayala, mpaka kufuna mpeni? Ndinafunsanso kuti nanga chigawengacho chimaoneka bwanji, kuti chikabwera kudzagula chitumbuwa ndichizindikire.

"Bamayo, chigawenga chilibe nyanga. Chioneka monga ine na imwe."

"Manje nizachidziwa bwanji?"

Anapukuta thukuta, n'kunena kuti ndikakayikira ndingonena, ena adzafufuza. Ndinaona m'maso mwake kuti nayenso anangouzidwa mawuwa ndi akulu ake, ndipo ndinamumvera chisoni. Tinabalalika tili ndi mantha ochuluka kuposa amene tinabwera nawo.

Sabata yomweyo minibasi yochokera kummawa inaponya katoni yolemera, yomangidwa ndi mawaya, yopanda dzina. Ndinaiyang'ana, nayonso ngati ikundiyang'ana. Sindinaigwire. Ndinasamutsa tomato wanga kupita kutsidya kwa msewu, ndipo tsiku lonse ndinagulitsira kumeneko, katoni ili yokha padzuwa, anthu akuizungulira patali. Baneba anali ku ntchito, ndipo palibe amene anafuna kuyenda mpaka ku polisi. Pofika madzulo ntchentche zinali zitayamba msonkhano. M'katonimo munali nsomba zaziwisi za ku Luangwa, zimene mwana wa akatekisiti anatumizira amayi ake. Amayiwo anabwera akufuula kuti ndawaoletsera ndiwo, ine ndinawayankha kuti akadandaule kwa wayilesi. Tinakhala mwezi osalankhulana. Koma nditafika kunyumba tsiku limenelo ndinadzifunsa kuti nanga chikanakhala china.

Ndiye ndinapita kwa munthu yekhayo amene ndinkadziwa kuti zigawenga anaziona ndi maso. Ndinamupeza m'munda akusosa. Ndinakhala pa chulu n'kumufunsa mosaserewula kuti, "Bamulamu, niuzeni. Chigawenga ni chani?"

Anatsamira khasu. Za kwawo sankakonda kukamba, ngakhale kwa mkazi wake. Kenaka anati, "Amulamu, wakuba amafuna kuti musamuone. Awo ankafuna kuti muwaone." Anandiuza kuti anthu a mfuti anabwera m'mudzi mwawo masana, dzuwa lili pamutu, n'kusonkhanitsa anthu onse pabwalo la sukulu. Anatenga mphunzitsi, munthu amene sanawalakwire kanthu, n'kumudula makutu anthu akuona. Sanamuphe. Anamuuza kuti apite, aziyenda. Ndipo mphunzitsiyo kulikonse kumene ankafika anthu ankaona, aphunzitsi ena ankathawa, makolo ankabisa ana. "Sukulu zonse za dera lathu zinatsekedwa," anatero, "koma anagwira munthu mmodzi yekha."

Ndinafunsa kuti anthuwo anali a mbali iti, a boma kapena a kutchire, poganiza kuti mwina tsopano ndimva bwino. Anati amene anadula makutu anali a kutchire. Koma a yunifomu nawonso ankabwera pambuyo pake n'kumenya anthu chifukwa chophikira a kutchire, ngati kuti munthu angakanize wa mfuti madzi otentha. "Ife tikamva nsapato tinkathawa, sitinkadikira kuona chipewa." Ndipo pothawapo, anatero, amene ankakhala moyo kutchire ndi amene anali ndi kanthu pansi pa nthaka. Nkhokwe inkawotchedwa, nyumba inkawotchedwa, koma dothi silipsa. Amayi ake anapulumutsa ana ndi chitini cha mapira chimene anakwirira pansi pa mtengo.

Ndinachita manyazi ndi dzina lija la mbewa, koma sindinasiye kumuuza zoona. Ndinati nthawi yaipa, anthu maso ali tcheru, asiye kaye zokumbakumbazi. Anagwedeza mutu. "Ndayesa, amulamu. Koma mwamva wayilesi. Kwathunso zinayamba choncho, bomba limodzi kutali, anthu akuseka. Mkazi wanga ali ndi pakati. Akathawa athawa ndi chiyani?" Ndinamuuza kuti kuno si kwawo, kuno nkhondo timangoimva. Anati, "Ehe," koma ehe wa munthu amene akungokulemekeza. Chimene sindinadziwe n'chakuti anali atasankha kale malo atsopano okwirira. M'munda mwake munkadutsa mizati ikuluikulu ya magetsi, ndipo iye anaganiza kuti tsinde la mzati ndi chizindikiro chimene mkazi wake sangachiphonye ngakhale ali yekha ndi mwana kumsana.

Baneba anamuona mmawa wina akupita kokakwera minibasi: mlendo wa dziko la nkhondo, atagwada patsinde pa mzati wa magetsi, akutsitsira m'dzenje chinthu chokulungidwa m'thumba la feteleza. Anafika pa kantemba kanga n'kundiuza zimene waona. Nditamva ndinaseka, ndinati, "Baneba, uyo ni mulamu wanga, ni mchele chabe na chimanga. Funsani aliyense." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bamayo, galu wamkota sakandira pachabe. Imwe munaona mukati?" Zoona, mkati sindinaone. Ndinamugwira dzanja, ndinamupempha kuti tipite limodzi pompo tikafukule aone yekha. Anati iye sangayandikire, ali ndi ana. Ndinamuuza kuti mlamu alibe reji, kuti akaitana apolisi wapha banja. Apo ndiye maso ake anakula. Minibasi inaima, koma iye anaoloka msewu n'kukwera yopita ku boma.

Ndinasiya kantemba kosatseka n'kuthamanga. Ndinauza mlamu kuti athawe, akabisale ku mafamu kwa anzake mpaka zizizire. Mng'ono wanga anayamba kulira atagwira mimba. Mlamu anakhala pa mpando wake wa ndalema n'kuvala nsapato pang'onopang'ono. Anati akathawa ndiye kuti wavomera, ndipo apolisi adzatenga mkazi wake m'malo mwake. Ndinamukalipira, ndinamutukwana n'kumutukwana, iye osasuntha. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino kapena ayi.

Anabwera dzuwa litakwera, galimoto ya apolisi ndi ina ya asilikali. Anamanga chingwe kuzungulira munda n'kutiuza tonse kuti tiime kutali, kuseri kwa chulu. Mudzi wonse unali pomwepo, ndi a pa mapuloti omwe, ana atakwera m'mitengo. Ife eni malo tinkafuula kuti ndi chakudya chabe, akuluakulu a banja lathu anayesa kufotokoza, koma msilikali wamkulu anati mnzawo wa ku bwalo la ndege nayenso anauzidwa kuti ndi kachikwama chabe. Ndani akanamutsutsa? Anauza mlamu kuti poti anakwirira yekha, afukulenso yekha.

Anayenda yekhayekha m'munda wosalimawo, khasu paphewa, mfuti zitamuloza kumsana. Ndipo ndinene zimene zinandichitikira, chifukwa ndizo zimandisokoneza kwambiri. Ine amene ndinkadziwa chitini, amene ndinadyapo nsima ya chimanga cha m'chitini chaka cha chilala, khasu litagunda chitsulo ndinatseka makutu ndi manja onse awiri. Nditacheuka ndinaona kuti aliyense watseka makutu, ngakhale akuluakulu aja amene ankalumbira kuti ndi mchere. Mng'ono wanga yekha ndiye anaima manja ali pamimba, akuyang'ana mwamuna wake.

Anatulutsa chitini, anamatula phula ndi mpeni, n'kuyamba kuyala zinthu pa thumba lija chimodzichimodzi, akukweza m'mwamba kuti asilikali aone. Mbewu ya chimanga. Mchere. Machesi. Tochi ndi mabatire ake, ndipo apo msilikali wina anakuwa, koma mkulu wawo anamuletsa. Kampeni, singano, sopo. Kenaka chitenje chatsopano chosachapa, matewera, ndi kachipewa koluka ka khanda, kachikasu. Mng'ono wanga sankadziwa n'komwe kuti mwamuna wake wagula zimenezi. Mayi wina anayamba kuseka, kuseka kunafalikira, asilikali nawonso anatsitsa mfuti akuseka, wina anati, "Iyi ndiye bomba ya Chongwe!" Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinati zatha, Mulungu ndi wamkulu.

Wapolisi uja wa ku tchalitchi ndiye anapita kukamuthandiza kulongedza. Anamugwira paphewa, anati pepani bambo, mwaona nthawi yake. Kenaka, monga amachitira pomaliza nkhani iliyonse, anati, "Tiyeni tione reji, tilembe kuti zonse zili bwino."

Mlamu anayang'ana mkazi wake. Ine ndinalowerera, ndinati reji inapsa, ndinati ili kwa amalume, ndinati ndi mwana wa mudzi uno, ndinalankhula zambirimbiri zosagwirizana. Mlamu anati, "Amulamu, lekani." Anauza wapolisi zoona zake zonse, dziko limene anachokera ndi chaka chimene kapepala kake kanatha. Wapolisi anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Ndikhulupirira kuti akanakhala yekha akanayang'ana kumbali. Koma akulu ake anali pomwepo, asilikali anali pomwepo, ndipo inali nthawi imene aliyense ankaopa kufunsidwa kuti n'chifukwa chiyani unamusiya mlendo. Anamukweza m'galimoto. Chitini anatisiyira.

Tinayenda, amuna anga ndi ine. Ku boma anati nkhani yapita ku Lusaka, ku Lusaka anati si nkhani ya bomba, bomba palibe, ndi nkhani ya olowa m'dziko. Kulikonse ankatilandira bwino n'kutiuza kuti munthuyu alibe mlandu wa uchigawenga, ngati kuti zimenezo zitithandiza. Bambo mfumu a ku mishoni anayesa kulankhulapo, anauzidwa kuti nkhondo kwawo inatha, palibe chimene akuthawa. Mlamu tinamuona kamodzi, kuseri kwa waya, ataonda. Anandifunsa ngati mvula yayamba ndi ngati wina wabzala munda wake. Ulendo wotsatira tinapeza kuti anamutumiza kale ku malire pamodzi ndi ena.

Mwana anabadwa mvula ili pakati, wamkazi, mphuno ya atate ake yeniyeni. Patapita masiku baneba anabwera ndi paketi ya shuga ndi sopo, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Ine ndinamulandira ndi pakamwa. Ndinamuuza kuti shuga wakeyo akathire m'dzenje limene anakumbitsa, kuti anabwera dzulodzulo pa malo a makolo athu n'kuyamba kusankha woti akhale ndi woti achoke, kuti chigawenga ndi iyeyo. Anandisiya ndimalize. Kenaka anati, motsitsa, "Bamayo, ninachita zimene banatiuza tonse pa tchalitchi, na imwe munalipo. Sembe inali bomba, ana banu bapita pa njila ija, sembe munanitcha chani?" Chikanakhaladi bomba, ndikanamutchula chiyani? Ndinkafuna kumuda ndi mtima wonse, ndipo mbali ina ndimamudabe, koma funso lakelo sindinaliyankhe. Mng'ono wanga ndiye anatuluka, analandira shuga ndi manja awiri, anati zikomo, n'kulowanso.

Masankho anapita, nkhani za mabomba zinazirala, ndipo ife a kumudzi sitinamve bwinobwino kuti anali ndani kapena ankafuna chiyani. Komiti yolondera inasanduka yothamangitsa akuba mbuzi. Makatoni anapitiriza kugwa pa kantemba kanga, ine n'kumawakankhira pansi pa tebulo ngati kale. Nthawi zina ndinkakhala pa benchi n'kumawerengera m'mutu: woika mabomba sanafike ku Chongwe, sanamudziwe mlamu wanga, mwina sanadziwe n'komwe kuti kuli mudzi wathu. Baneba anamvera malangizo. Wapolisi anatsata lamulo. Mlamu anasamalira mkazi wake momwe anaphunzirira kwa amayi ake. Ndiye mwanayu wamulanda atate ake ndani? Ndinkafika pamenepo mutu n'kuyamba kuwawa, n'kudzuka kukatembenuza vitumbuwa.

Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene ankaoloka malire. Anati anamuona mlamu, ali moyo, ali kumudzi kwawo kwenikweni, wamanga kanyumba. Koma anatuma mawu akuti mkazi wake asabwere. Anati minda ya kumeneko idakali ndi mabomba okwiriridwa a nthawi ya nkhondo, anthu amalima potsata pamene mbuzi zadutsa, ndipo mwezi womwewo mnyamata wina anaduka mwendo akusosa. Anati adikire, iye adzapeza njira yobwerera.

Mng'ono wanga anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa mayiyo dzina la mudzi ndi pamene munthu amatsikira, basi. Tinamuletsa tonse. Ine ndinagwada, chinthu chimene sindinachitirepo mng'ono wanga. Ndinati uganizire mwana, kuno kuli mtendere, kuno kuli ife. Anati, "Basisi, mtendele wa kuno ninauona." Anadikira mpaka titakolola, anagawa nkhuku zake, mbuzi anapatsa ine.

Anakwerera pa kantemba kanga, basi yaikulu ya kummawa, mmawa kukuzizira. Kondakitala anaponya mtolo wake padenga. Ndinamupatsa vitumbuwa vya panjira, ndinamunyamula mwana komaliza amayi ake akukwera, kenaka ndinamupereka pa windo. Anali atangomera mano awiri a m'munsi, ndipo ankaluma chala changa osafuna kusiya, mpaka amayi ake anachita kumutsegula kukamwa. Basi inanyamuka. Mwana ameneyo sindinamuone akuyenda.